Tiana ta Mlamba, Chaka cha Nyika

Kuno kwa Tengani chaka chimenecho timachitchula kuti chaka cha nyika, chifukwa nyika ndi zimene zinatifikitsa ku masika. Amene sanakulire kuchigwa kuno sazidziwa. Ndi timizu takuda ta maluwa a m'madzi, timene timazulidwa m'thope la m'dambo, ndipo ngakhale utiphike bwanji timasiyabe kuwawa pakhosi.

Ine ndinali msodzi kuyambira unyamata wanga, monga analili bambo anga. Nsomba zitayamba kuchepa m'dambo, ndinagulitsa bwato ndi maukonde, n'kukumba maiwe atatu kumunsi kwa munda wanga kumene madzi sali patali. Kenako ndinaphunzira kuswetsa mazira a mlamba. Ndinamanga kachisakasa ka bango, ndinaikamo mabeseni asanu ndi limodzi, ndipo eni maiwe ankabwera pa njinga kuchokera kutali kudzagula mbewu ya nsomba. Pakhomo tinalipo anayi: ine, mkazi wanga Joana, mwana wathu Malita, ndi khanda lake, Rozina. Mwamuna wa Malita anali atawolokera ku Mozambiki kukafuna ganyu, ndipo sitinkamva za iye.

Novembala

Mvula inagwa kamodzi, pakati pa mwezi, yamphamvu ndithu. Tinadzala mapira ndi mchewere masiku atatu osapuma, ndipo zinamera bwino. Kenako kumwamba kunayera mbee. Pofika sabata yachitatu timasamba tinali titapindika, ndipo dothi linkawotcha mapazi dzuwa lisanafike n'komwe pamutu.

Sindinade nkhawa kwambiri. Ndinali ndi milamba yaikazi isanu yokhwima bwino, yaimuna itatu, thumba la matemba ouma ndi theka la thumba la soya. Chakudya cha tiana ta mlamba ndinkachipanga ndekha: kusinja matemba, kusakaniza ndi soya wokazinga ndi gaga pang'ono, n'kusefa pa kansalu mpaka zikhale ngati fumbi. Mumtima ndinkati munda ukakanika, mabeseni atidyetsa.

Disembala

Tinadzalanso ndi mbewu imene Joana anakatenga kwa mkulu wake kwa Malemia. Inamera theka, n'kupsa ngati yoyamba ija. Pamsika chigoba cha chimanga chinafika pa mtengo umene chaka chapitacho unkagulira ndowa. Masamba a m'madimba anauma, therere la m'tchire linatha.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza Joana atakhala pambali pa thumba la matemba, atalimasula kale kukamwa.

"Bambo a Malita, awa ndi ndiwo."

"Amenewo ndi a nsomba."

"Nsomba zake ziti? Mabeseni ali gwaa. Malita akuyamwitsa, wadya nsima ya mchere masiku anayi. Ine nkhabe kumvera zimenezo."

Joana ndi Msena, ndipo akasakaniza chinenero chakwawo ndimadziwa kuti nkhani yatha. Ndinamusiyira thumbalo. Ndinaganiza kuti soya ndi chakudya champhamvu, akwanira yekha.

Sabata yotsatira ndinaswetsa. Kuti upeze mbewu ya mlamba wamwamuna umayenera kuupha, motero tsiku limenelo tinadya nsomba yaiwisi tonse, mutu ndinapatsa Malita. Mazira anaswa tsiku lotsatira. Masiku atatu oyamba tiana timakhala ndi kathumba pamimba kamene timadyamo. Kathumbako kakatha ndinkatipatsa tizilombo ta m'madzi obiriwira, timene ndinkasefa m'dziwe lothira ndowe. Mpaka apo zonse zinali bwino, mabeseni anali akuda bii ndi tiana.

Zinasintha nditayamba kuwaza ufa wa soya ndi gaga. Tiana sitinkathamangira chakudya monga ndinazolowera. Tinkangokhala pansi pa beseni, mitu ikuluikulu, matupi ngati ulusi. Tochepa timene tinakula tinayamba kumeza tinzake. M'mawa uliwonse ndinkachotsa takufa ndi nthenga ya nkhuku, ndipo tsiku lina ndinasiya nthenga n'kutenga sefa. Ndinasintha madzi, ndinatsuka mabeseni ndi phulusa, ndinawonjezera bango padenga kuti kuzizire. Pofika Khirisimasi m'mabeseni onse asanu ndi limodzi munatsala tiana tosakwana kudzaza dzanja.

Januwale

Tinayamba kudya kamodzi patsiku, dzuwa likapendeka. Joana ankalawirira kudambo ndi amayi anzake kukazula nyika, madzi ofika m'chiuno, wina ataima pamtunda kuyang'ana ng'ona. Mphekesera zinali zambiri. Ena ankati galimoto ya chimanga chaulere yafika kale paboma, ena ankati yabwerera pamlatho. Mayina analembedwa kawiri, ndipo lathu silinalowe chifukwa ankati pakhomo pali maiwe. A Dinyero, oyandikana nafe, anasinthanitsa mbuzi yabere ndi ndowa imodzi ya chimanga, kenako anafumula malata a nyumba yawo n'kugulitsa.

Mwezi umenewu ndi pamene kunabwera alangizi a za nsomba, Mayi Nyirenda, pa njinga yamoto. Anali ochokera kumpoto, Chisena sankamva, ndipo kutentha kwa kuno kunkawavuta. Anakhala pa chitsa m'kachisakasa, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anatapa ufa wanga wotsala, anaununkhiza.

"Matemba munachotsamo liti?"

"Mwezi watha. Anapita kukhitchini."

Sanandidzudzule. Anatsegula chikwama n'kutulutsa kabotolo kapulasitiki kodzaza ufa woyera, wonyezimira pang'ono ngati shuga wosinja.

"Vuto lanu si madzi, bambo. M'thupi la nsomba, m'nkhono, m'nyama iliyonse, muli kanthu kotchedwa tawurini. Mu soya mulibe, m'gaga mulibe. Nsomba yaikulu imadzipangira pang'ono yokha, koma kamwana ka masiku khumi sikakwanitsa. Kakasowa zimenezi minofu sikhwima msanga, mafuta a m'chakudya sagayika bwino, ndiye kamachiona chakudya koma mphamvu yochithamangira kalibe. Kale matemba aja ndi amene ankakupatsani osadziwa."

"Ndiye ufa umenewu ulowa m'malo mwa matemba?"

"Ayi, usakunamizeni. Uwu si chakudya. Popanda soya sungachite kanthu. Umangotseka kampata kamene soya amasiya."

Anandionetsa muyeso wake, kansonga ka supuni yaing'ono pa kapu ya ufa. Anati ndizikanda pamodzi ndi kaphala ka chinangwa, ndiziyanika pamthunzi, kenako ndizisinjanso, chifukwa ndikangowaza umasungunuka m'madzi ngati mchere tiana tisanadye. Malita anali pakhomo pa kachisakasa, Rozina ali kubere, ndipo Joana anali ataima kumbuyo kwake ndi mtsuko. Mayi Nyirenda anamwetulira poyang'ana khandalo.

"Ngakhale mu mkaka wa m'mawere zimenezi zilimo. Ana aang'ono onse amafanana."

Ananena mongocheza, n'kukwera njinga yawo.

Madzulo ake Joana anandifunsa za soya. Anati soya ameneyo ndi phala la mwana, ndipo sakuona chifukwa chomuthira m'madzi pamene mabeseni anapha kale tiana mwezi watha. Ndinamuuza kuti ndikaswetsa tsopano, mwezi wa Epulo tikhala ndi mbewu yogulitsa pamene wina aliyense alibe, ndipo tigula chimanga cha chaka chonse. Tinakangana mpaka tinagawana: theka la soya kukhitchini, theka kukachisakasa. Iye anatenga lake.

Febuluwale

Ndinaswetsa kumayambiriro kwa mwezi. Tinaphanso mlamba wamwamuna, tinadyanso kamodzi. Linafika tsiku loyamba kuwaza ufa. Ndinawaza pang'ono pakona ya beseni. Tiana tinakwera m'mwamba tonse pamodzi, madzi n'kuchita ngati akuwira. Tina tinafa ndithu, monga zimakhalira nthawi zonse, koma tochepa. Patatha sabata ziwiri tinali titatuluka ndevu, mimba zili tototo. Ndinkakhala m'kachisakasamo tsiku lonse, ndipo ndivomere kuti ndinkasangalala. M'mudzi monse, amenewo anali malo okhawo pamene kanthu kankanenepa.

Anthu anayamba kulankhula. Ena ankati ndalandira mkaka wa ufa wa ana amasiye ndipo ndikudyetsa nsomba. A Dinyero anabwera okha kudzaona. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana m'beseni, malaya akulendewera pamapewa.

"Achimwene, tinthu timeneti timadya kangati patsiku?"

"Kasanu."

"Kasanu," anabwereza motero, n'kutembenuka kumapita.

Soya wa kukhitchini anatha pakati pa mwezi. Mkaka wa Malita unachepa mpaka Rozina ankangoyamwa n'kulira. Kenako anasiya kulira. Tsitsi lake linafiira, mapazi anayamba kutupa, ndipo anatsegula m'mimba. Joana anandipempha mlamba umodzi waukazi. Ndinamupatsa. Patapita masiku anayi anapempha wina, ndipo ndinakana. Ndinati yaikazi ikatha ndiye kuti ntchito yonse yatha, tidikire masabata asanu okha. Ndinamupatsa soya wodzaza manja awiri kuchokera ku gawo langa, n'kumadziuza kuti ndachitapo kanthu.

Kumapeto kwa mwezi ndinaona kuti ufa wa m'kabotolo ukutsika msanga kuposa muyeso wanga. Ndinaika chizindikiro ndi khala. M'mawa mwake unali utatsika ndi chala chathunthu. Tsiku lachitatu ndinabwerera msanga kuchokera kudziwe, ndipo ndinapeza Joana kuseri kwa nyumba akutakasa kaphala ka nyika m'kambale, kabotolo kali pamwendo pake, pafupifupi kopanda kanthu.

"Mayi a Malita, mwatani?"

Sanabise. "Alangizi aja anati muli za mu mkaka wa m'mawere. Ndinamva ndi makutu angawa. Nsomba zanu zanenepa nawo. Bwanji mwana?"

"Anatinso si chakudya."

"Ndiye chakudyacho chili kuti? Ndipatseni ndimupatse."

Ndinatenga kabotolo kaja n'kubwerera nako kukachisakasa. Mpaka lero zimandivuta kuti ndinakatenga.

Marichi

Ufa unatha tsiku lachiwiri la mwezi. Ndinakumbukira kuti Mayi Nyirenda anatchula nkhono, motero ndinayamba kutsagana ndi amayi kudambo. Iwo akuzula nyika, ine ndikutola nkhono m'mabango. Ndinkaziwiritsa, kuzichotsa m'zigoba, kuziyanika, kuzisinja n'kusakaniza ndi soya wotsala. Tiana tinkadya bwino lomwe. Tsiku lina ndikusinja ndinaima, mtondo uli pakati pa miyendo, nditazindikira kuti nkhono zimenezi zinali m'dambo muja chiyambire Disembala, zaulere.

Rozina tinapita naye kuchipatala pa sabata yoyamba. Ndinapalasa njinga, Malita ali pakaliyala ndi mwana kumsana, ulendo wa maola atatu. Anamwino anadina phazi la mwanayo ndi chala, ndipo dzenje linatsala. Anatifunsa kuti kutupaku kunayamba liti. Malita atawauza, sanatikalipire, anangoti tikanabwera kale. Ndinawafotokozera za ufa uja, ndikuopa kuti mwina ndi umene wamupweteka. Anapukusa mutu.

"Sindikukhulupirira kuti wamupweteka, koma sunamuthandizenso. Mwanayu amafunika chakudya, ndipo pano ali ndi malungo pamwamba pake. Zinthu za nsomba musamapatse ana."

Anamugoneka, anayamba kumupatsa mkaka wakuchipatala pang'onopang'ono. Ine ndinabwerera kumudzi tsiku lomwelo, chifukwa tiana sitikanatha kugona ndi njala. Ndinapitanso kawiri. Ulendo wachiwiri Rozina anandigwira chala, ndipo ndinabwerera ndikuuza Joana kuti akuchira.

Anamwalira pa tsiku lachisanu ndi chinayi, m'mawa. Uthenga unandipeza ndili kudambo, thumba la nkhono lili paphewa.

Pamaliro panabwera anthu ambiri kuposa amene ndinkayembekeza. Chaka cha njala anthu amayenda mtunda wautali kupita kumaliro, ndipo palibe amene amawafunsa. Adzukulu anakumba manda m'dothi louma ngati mwala, ndipo panalibe chowapatsa. Ndinatenga khoka, ndinaitana a Dinyero, tinalowa m'dziwe. Tinakoka milamba yonse inayi yaikazi ndi wamwamuna wotsala uja. Inali yonona, mimba zodzaza mazira. Amayi anaiphika ndi nyika m'miphika itatu, ndipo aliyense analawako.

Joana anaona mbale zikudutsa. Anadikira mpaka anthu atabalalika, n'kundipeza ndikutsuka khoka pachitsime.

"Lero ndiye yapezeka," anatero. Sanakweze mawu. Anatola mtsuko wake n'kumapita.

Sabata yomweyo mvula inagwa kumapiri, ndipo Shire anadzaza. Madzi analowa m'madimba n'kubwerera, kusiya thope lakuda. Anthu anathamangira kudzala mbatata ndi chimanga cha m'dimba, ena akugwa ndi chizungulire pamzere.

Epulo ndi Meyi

Tiana tinali titafika kutalika ngati chala. Ndinatisamutsira m'dziwe, ndipo mbiri inamveka kuti kwa Tengani kuli mbewu ya mlamba. Zinachitika monga ndinawerengera. Anthu a maiwe anabwera ndi zigubu pa njinga, ena kuchokera ku Chikwawa, chifukwa kwina konse mbewu inali itafa kapena kudyedwa. Pasanathe milungu itatu m'nyumba munali matumba a chimanga ofika pafupi ndi denga, pamene anzathu ankadyabe masamba a mbatata. Joana anagawira mkulu wake, anagawira a Dinyero, anagawira amayi amene ankazula nawo nyika. Sanandifunse, ndipo ine sindinaletse.

Malita sankalankhula nane kupatula moni. Nsima ankadya, koma ikakhala ya mlamba ankatenga mchere. Kumapeto kwa Meyi mwamuna wake anatulukira, wowonda, atanyamula kathumba ka mpunga ndi kadiresi kofiira ka mwana. Palibe amene anali atamuuza. Anakhala masiku anayi, kenako anamutenga Malita kupita naye kwawo kutsidya. Ndinawaperekeza mpaka padoko. Malita atalowa m'bwato ndinamupatsa kathumba ka ufa, ndipo analandira ndi manja awiri.

"Takhuta, baba," anathokoza motero m'Chisena.

Ndinkadikira kuti anenanso kanthu, kaya kondinyoza, koma wopalasa anakankha bwato.

Juni

Mayi Nyirenda anabweranso kukuzizira, anthu akukumba mbatata. Anali atamva kuti mbewu yanga inapulumuka, ndipo anafika akusangalala, ndi kabotolo kena m'chikwama. Anazungulira maiwe, anafunsa za nkhono, anati nzeru imeneyo akauza alimi ena chifukwa ufa wogula sufika kumidzi. Kenako anayang'ana kukhonde.

"Kamwana kaja kali kuti? Pano kayamba kuyenda."

Ndinawauza zonse, ndi za kabotolo zomwe. Anakhala pansi pa mlambala wa dziwe, n'kuvula chipewa chawo cha njinga yamoto.

"Ndinalankhula mosaganiza," anatero.

"Munanena zoona, amayi. Munanenanso kuti si chakudya. Chakudyacho chinali ndi ine."

Joana anawabweretsera mbatata yootcha m'mbale, anawapatsa moni mwaulemu, n'kubwerera kukhitchini. Kabotolo katsopanoko ndinakalandira. Ntchito ya ufawo ndinaiona ndi maso anga, sindingaukane. Milamba ina yaikazi ndinakasankha mwa tiana tomwe tija titakula, ndipo mpaka pano ndimaswetsa, nthawi zina ndi ufa, nthawi zambiri ndi nkhono.

Chimene ndinasintha n'chimodzi. Ikafika Disembala ndimatsuka mabeseni n'kuwavundikira, ndipo sindiwatsegula mpaka anthu atayamba kudya zatsopano, kaya chaka chili cha mvula kaya ayi. Imeneyo ndiyo miyezi imene milamba imakhala ndi mazira ambiri, ndipo ogula amabwera kudzadandaula kuti ndikutaya mwayi. Ndimawauza kuti madzi amatentha kwambiri nyengo imeneyo. Joana amakhala pafupi akamandifunsa, akupeta kapena kusenda, ndipo sananditsutsepo pamaso pa anthu.

Malita ali ndi ana awiri tsopano, kutsidya komweko. Chaka chatha anatumiza uthenga kuti wamkuluyo akufuna kudzaona maiwe a agogo ake. Ndinakonza mpanda, ndinadula udzu m'mbali mwa madzi, Joana anazira nyumba. Mwanayo anabwera ndi bambo ake. Malita anatsala.